Makapisozi amene ndinagawira alamu anga

Mwana wanga wamkazi anandiimbira foni Lachitatu m'mawa, ndili kudimba, kundiuza kuti wachira. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti amadwala. Anati chifuwa chinamugwira kumapeto kwa sabata, m'nthiti mukubaya, thupi likutentha, mpaka Lolemba mwamuna wake anamutengera kuchipatala panjinga. Kumeneko anamuuza kuti ndi chibayo ndipo anamupatsa makapisozi a amokisilini oti amwe katatu patsiku kwa masiku asanu. Tsopano linali tsiku lachitatu, ndipo anali atabwerera kale m'chigafa kukasankha fodya. Ankalankhula mosangalala. Anati mankhwalawo ndi amphamvu kwambiri, moti otsalawo wasungira bambo a kunyumba kwake, chifukwa nawonso akutsokomola chibwerereni ku Dzalanyama kumene anakatenga makala.

Ndinamuuza kuti amwe onse mpaka athe. Anaseka, n'kundifunsa kuti udokotala ndaupeza liti. Ndinabwereza mokweza mawu, anthu a dimba loyandikana nalo mpaka anadzutsa mitu. Iye anati madzi ake akuwira pamoto, n'kudula foni.

Ndinasiya kheni yothirira m'ngalande momwemo. Ndinangosamba m'miyendo, kuvala jekete, n'kupita pamsika wa Nathenje kukafuna wanjinga yamoto woti andifikitse ku Mitundu. Wanjingayo anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndikupita kukauza munthu kuti ameze makapisozi. Anaseka njira yonse, ine fumbi likundilowa m'kamwa.

Mudzi umene mwana wanga amakhala ndi kwawo kwa amayi ake, ndipo ine ndinakhalamo zaka zisanu ndi zitatu ngati mkamwini. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa. Umadzuka anthu onse asanadzuke, umalima munda wa apongozi kaye kenaka wako, ndipo pabwalo pakakhala nkhani umakhala kumbuyo ngati mlendo. Mwini mawu anali alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga. Minda yonse ya mbumbayo inkagawidwa ndi iwo. Kwa zaka zitatu ndinkawapempha kachigawo ka munda wa m'mphepete mwa dambo kuti nanenso ndibzale fodya wanga. Yankho lawo linali limodzi: tiona chaka chamawa.

Chaka china nthawi yozizira mkazi wanga anadwala. Ankati akapuma pali chinthu chikumulasa pansi pa bere lamanzere. Ndinabwereka ngolo n'kupita naye kuchipatala. Anamumvetsera m'chifuwa, anatchula chibayo, ndipo pawindo lolandirira mankhwala anatipatsa kaenvulopu kodzaza makapisozi ofiira mbali ina, achikasu mbali ina. Pakaenvulopupo panalembedwa mawu, koma tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezi, kuti ndinali mbuli, ndikanadziwa bwanji. Koma si zoona zonse. Bambo wa pawindo uja ananena ndi pakamwa, ndipo ndinamva ndi makutu angawa: awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, ndipo amalize onse ngakhale atapeza bwino.

Tsiku lachitatu mkazi wanga anadzuka, anasesa pabwalo, anapita kuchitsime. Mudzi wonse unadabwa. Tsiku lomwelo alamu anga anali gone pakhonde, mamina ali chuchuchu, akuyetsemula ngati mbuzi. Apongozi anga anadutsa pakhomo pathu n'kunena, osayang'ana kwa ine, kuti mankhwala amene adzutsa mwana wawo mmodzi akhoza kudzutsanso winayo. Sanapemphe. Apongozi sapempha mkamwini.

Kwathu kuno chinthu chabwino chikalowa m'nyumba ya mkamwini sichithera momwemo. Ukapha mbuzi, mwendo umapita kwa mwinimbumba. Maungu oyamba, chimanga chachiwisi choyamba, ngakhale sopo wobwera naye kutauni, zimayamba zaonekera kumeneko. Ine ndinaona makapisozi aja ngati mwendo wa mbuzi. Ndinakhuthula otsala onse, kuwakulunga m'kapepala koyera, n'kupita nawo kwa alamu. Ndinanjuta pansi pa khonde n'kupereka ndi manja awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti kodi mlamu uyu ali ndi nzeru chonchi. Aka kanali koyamba kundiyamikira. Sabata isanathe ananditenga kudambo, anayenda ndi ndodo n'kundilozera malire a munda uja.

Mkazi wanga sanadandaule. Anati ndachita bwino, achimwene ake asangalala. Mawu amenewa ndi amene amandipweteka kuposa ena onse, chifukwa ankandikhulupirira.

Patapita masiku ngati asanu ndi limodzi kutentha thupi kunabwerera, ndipo kunabwera ndi ukali. Sankatha kugona chagada. Apa tinalakwitsanso kachiwiri. Tinkaganiza kuti mankhwala akuchipatala anagwira kale ntchito yawo, ndiye izi zabwerazi ndi zina, zakumudzi. Tinataya masiku atatu kwa sing'anga. Pomwe tinkafika kuchipatala n'kuti milomo yake itasintha mtundu. Anamugoneka, anamubaya majekiseni, koma anamwalira tsiku lachiwiri.

Pamaliro anthu anayamba kunong'onezana. Ankati taonani, mchimwene wadzuka masiku omwewo amene mlongo wake wagwa. Ena ankati anamupatsira matenda ake mwamatsenga. Chaka chimenecho fodya wa alamu anachita bwino kwambiri, ndiye nkhani inakhazikika: anakhwimira mlongo wawo. Palibe amene ankanena pamaso pawo, koma amayi anasiya kutuma ana kukapala moto kunyumba kwawo. Ine ndinkamva zonsezi ndipo sindinatsegule pakamwa. Mumtima ndinkakayikira makapisozi aja, koma kukhala chete kunali kosavuta. Atandisudzula ndinabwerera kwathu ku Nathenje. Mwana anatsala kwa amayi ake aang'ono monga mwa mwambo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anakula akuuzidwa kuti asamwe madzi kwa amalume ake. Tsopano ndi mayi wa ana anayi, nyumba yake ndi ya amalume akewo zimayang'anana, koma zaka zoposa makumi atatu sanapondeko pakhonde pawo.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, kusukulu yakwacha ya kutchalitchi kwathu, ndili mwamuna ndekha pakati pa amayi. Patapita zaka zingapo nanenso chifuwa chinandigwira, ndipo kuchipatala anandipatsa makapisozi ofanana ndi aja. Sindinganene motsimikiza kuti a mkazi wanga anali omwewa, poti dzina lake sindinaliwerenge nthawi ija, koma maonekedwe anali amodzi. Ndinakhala pabenchi panja n'kuyamba kuwerenga mawu a pakathumba ka mankhwalawo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Mzere womaliza unati ndimalize mankhwala onse. Ndinabwerera pawindo, n'kufunsa anamwino amene anali pamenepo kuti chifukwa chake n'chiyani, munthu utachira kale.

Anali mayi wodekha, ndipo mzere unali utachepa. Anandiuza kuti chibayo cha mtundu uwu chimabwera ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya, ndipo kalikonse kamakhala ndi chikhungu cholimba chokazungulira, chimene kamamanga ndi kukonza pamene kakukula ndi kuswana. Amokisilini amalepheretsa kumanga chikhungu chimenecho. Anandifunsa ngati ndinaonapo nkhokwe yodzaza chimanga luzi lake litaduka. Ndinati inde, imaphulika. Anati ndi mmene timafera tizilomboto. Koma sitifa tonse tsiku limodzi. Pofika tsiku lachitatu tambiri tafa, thupi lazizira, munthu akumva bwino, koma tina tikadalipo m'mapapo. Ukasiyira pamenepo totsalato tikhoza kuswananso. Anati n'chifukwa chake masiku amene adokotala anena ndi amene uyenera kukwanitsa, ndiponso nthawi zake zitalikirane mofanana, kuti mankhwala asathe m'magazi.

Ndinafunsa za chimfine. Anapukusa mutu. Anati chimfine chimabwera ndi tizilombo tina, mavairasi, timene tilibe chikhungu chimene mankhwalawa amaswa, ndiye kumwa amokisilini pachimfine n'kungotaya. Chimatha chokha. Choipa china n'chakuti kumwa mwachisawawa kumazoloweretsa mabakiteriya, kenaka tsiku limene wawafunadi mankhwalawo sagwiranso. Anawonjezera kuti pali anthu ena amene thupi lawo limadana nawo: amatuluka zidzolo, kutupa nkhope kapena milomo, kubanika. Woteroyo asiye pomwepo athamangire kuchipatala. Ndiye ukagawira mnzako, sudziwa chimene ukumupatsa.

Kenaka ndinawafotokozera nkhani yanga ngati ya munthu wina wa kumudzi kwathu. Ndinafunsa ngati mayiyo akanakhala moyo. Anandiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti anazindikira. Anati palibe amene anganene motsimikiza, chibayo chimapha ngakhale ena amene amaliza mankhwala, ndipo kuchedwa kubwerera kuchipatala kunawonjezera vuto. Koma anati kusiyira panjira kunali koopsa, ndipo mchimweneyo akanachira yekha popanda kapisozi ndi mmodzi yemwe. Ndinathokoza n'kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba osaona njira.

Kuyambira pamenepo ndakhala munthu wotopetsa. Tsiku la msika ndimaona makapisozi atayalidwa padzuwa pambali pa mabatire ndi mankhwala a makoswe. Munthu amagula awiri, kumeza pomwepo, n'kumapita. Wina amawatsegula n'kuwaza ufa wake pachilonda. Nkhuku zikayamba kusinza ndi chitopa, amawasungunulira m'madzi akumwa. Ndikalankhula amanditcha adokotala a sukulu yakwacha. Mnzanga wina wa bawo anandiuza kuti iye wakhala akumwa awiriawiri zaka zonsezi ndipo sanafe, ndiye ndikhale chete tisewere. Ndimafotokoza za nkhokwe, za chikhungu, za chimfine, koma chimodzi chokha chimene chikanawatseka pakamwa sindinkachinena.

Ndinafika ku Mitundu dzuwa litapendeka pang'ono. Mwana wanga ndinamupeza m'chigafa atakhala pamphasa, masamba a fodya ali mbali zonse, fumbi lake likumukhosomoletsa. Anadabwa kundiona. Anandipatsa mpando, anandilonjera monga mwa ulemu, kenaka anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinafunsa kumene kuli mankhwala. Anali m'kapu pamwamba pa kabati. Nditawerenga ndinapeza kuti m'mawa ndi masana sanamwe, ndipo mwamuna wake anali atamezako kale awiri asanapite kumsika.

Ndinayamba ulaliki wanga wa masiku onse. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito, tsamba ili uku, ili uko. Anati iye akulidziwa thupi lake. Anati mankhwalawo akumutsegula m'mimba pang'ono, ndipo ndinamuuza kuti zimenezo zimachitika, amwe madzi ambiri, zikakula akanene kuchipatala koma asasiye yekha. Anati nanga bambo a ana akutsokomola usiku wonse iye n'kumangomeza yekha, anthu amva bwanji. Kuchipatala n'kutali, mzere wake ndi wa tsiku lonse, ndipo fodya sadikira. Zonse ankanena zinali zomveka, ndipo n'zimene zinkandikwiyitsa. Pomaliza anamwetulira n'kunena kuti ndapsa ndi dzuwa pachabe, andiphikire tiyi.

"Amayi ako nawonso anadzuka tsiku lachitatu," ndinatero.

Manja ake anaima.

Ndinamuuza zonse, osadumpha. Za bambo wa pawindo ndi mawu ake, za kapepala koyera, za kunjuta pansi pa khonde, za munda wa kudambo. Ndinamuuza kuti amalume ake anali ndi chimfine chabe. Ndinamuuza kuti pamaliro ndinamva zimene anthu ankanong'ona ndipo ndinazisiya ziyende. Ndinkayang'ana pansi, pa nthiti za fodya zimene anazitaya pambali.

Sanalire. Anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuthawa munthu wosalakwa, inu mukudziwa?"

Ndinavomera.

"Ana anga ndimawamenya akapita kukasewera pakhomo paja. Mukudziwa zimenezo, abambo?"

Anadzuka, anakung'untha chitenje, analowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti wanditsekera kunja. Anatuluka ndi kapu ya madzi ndi makapisozi awiri m'dzanja, anameza ataimirira patsogolo panga, maso ali pa ine. Anati mawa apita kuchipatala ndi mwamuna wake, akanene kuti anadumphitsa ndiponso kuti awiri anaperewera, ndipo bamboyo akamuyeze payekha. Kenaka analoza ndi mutu nyumba ya kutsidya kwa bwalo.

"Tiyi mumwa mukabwerako uko. Mukawauze nokha."

Bwalolo si lalikulu, koma ndinaliyenda ngati ndasenza thumba la feteleza. Alamu anga tsopano ndi nkhalamba yotheratu, maso achita ng'ala, akazi awo anamwalira kale. Ndinawapeza pakhonde lomwe lija akuwothera dzuwa. Nditatchula kuti ndine ndani anaseka, n'kufunsa ngati ndabwera kudzapempha munda wina. Ndinakhala pansi, malo omwe ndinanjuta kale, n'kufotokoza kachiwiri tsiku limodzi zimene ndinabisa moyo wanga wonse.

Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Mwina kuti anditukwane, mwina andigende ndi ndodo. Anangokhala akutafuna m'kamwa mopanda kanthu. Anati ankadziwa zimene anthu ankanena, palibe chobisika pamudzi. Anati zinkawawawa zaka zoyambirira, makamaka mwana wa mlongo wawo akamadutsa ngati sakuwaona, kenaka anazolowera. Za makapisozi anati sakukhulupirira kwenikweni. Iwo akukumbuka kuti anawachiritsa bwino lomwe, ndipo mlongo wawo linali tsiku lake basi. Ndinayesa kufotokoza za nkhokwe ndi luzi. Anandidula, n'kunena kuti sukulu ya ukalamba imasokoneza mutu.

Kenaka anatsokomola, n'kupendekera kwa ine.

"Ndamva kuti mwanayo anamupatsa ofiira aja. Sanatsaleko angapo, alamu? Chifuwachi chandivuta."

Zaka zonse zija, maliro aja, ulendo wa fumbi uja, zonse ndangonena kumene, ndipo munthu akupempha mwendo wake wa mbuzi. Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena kuti ndikaona, chifukwa ukamwini sutha m'mafupa. Koma ndinati ayi. Ndinati mankhwalawo ndi a mwana wanga ndipo amwa onse. Ngati chifuwa chawavuta, mawa akwere nawo ngolo apite akawamvetsere m'chifuwa, akapatsidwe awoawo ngati akufunika. Anang'ung'udza kuti ndinali mkamwini wabwino kale, ukalamba wandiumitsa manja.

Nditacheuka ndinaona mwana wanga ataima pakati pa bwalo, akumva zonse. Sanafike pakhondepo tsiku limenelo. Tiyi anandipatsa, koma anangoika pansi n'kubwerera m'chigafa.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala anthu anayi pangolo, mwana wanga ndi amalume ake atakhala mbali zosiyana, osalankhulana. Mwamuna wake anauzidwa kuti ndi chimfine ndi fumbi la makala, makapisozi sakufunika, ndipo anabwerera akudandaula kuti wataya tsiku popanda kulandira mankhwala enieni. Alamu anawapatsa awoawo. Mwana wanga adokotala anamudzudzula pang'ono, anamuwonjezera operewerawo n'kumuuza tsiku lomalizira. Pobwerera, potsika pangolo, anawagwira dzanja amalume ake kuti asagwe. Zinali zokhazo.

Ine ndinabwerera ku Nathenje madzulo ake. Kheni yanga ndinaipeza m'ngalande momwe ndinaisiya, mbewu zitafota. Lamlungu masana foni inalira. Anali iye. Sanandifunse za kudimba kapena za miyendo yanga monga amachitira. Anati wamaliza onse, kathumba kali mbee, m'nthiti mwasiya kubaya. Anati akuwawerengeranso amalume ake makapisozi awo, chifukwa anawapeza atabisa anayi m'thumba la jekete kuti adzapatse nkhuku. Ndinayamba kunena kuti ndikuthokoza, koma anali atadula kale.